Mutu wa pulinta m'miyezi yanga ya eda

Amuna anga anagwa masana, pulinta ili mkati mosindikiza chithunzi. Izi ndinachita kumva kwa anthu, chifukwa ine ndinali kumunda kothyola thonje. Anandipeza ndi njinga yamoto, ndipo pofika kuchipatala ndinapeza sakuyankhulanso. Chakudza sichiimba ng'oma. M'mawa wa tsiku lomwelo tinali titakangana za sopo amene anaiwala kugula.

Tinali ndi kashopu pa Ngokwe, pakati pa telala ndi munthu wogulitsa mafuta a njinga zamoto m'mabotolo. Tinkajambula anthu, kusindikiza makadi a ukwati, mayeso a ana a sukulu ndi mapepala a ku madrasa. Ine ntchito yanga inali ya kutsogolo: kulandira anthu, kukonza mpango wa mayi kuti nkhope ioneke bwino, kudula zithunzi ndi sizasi. Makinawo anali awo. Sankalola ngakhale kuti ndiwapukute fumbi iwo palibe, ngati ndiwathyola mwendo.

Atawanyamula tsiku lija, telala ndiye anatseka shopu. Ndi munthu wabwino, ndipo sindinamusungire chakukhosi. Anaona nthambo zolumikizidwa ku batire la sola, anaopa moto, n'kuzizula zonse. Kenako anakhoma chitseko ndi loko wake. Aliyense wa nzeru akanachita zomwezo. Koma amuna anga akanakhala kuti akuona, akanadzuka pa machira paja kuti amukalipire.

Chifukwa chake n'chakuti mkati mwa pulinta muli kanthu kamene kamathamanga uku ndi uku pamwamba pa pepala, kamene iwo ankakatcha mutu. Kunena zoona mitu ilipo iwiri yoyandikana, wina wa inki yakuda, wina wa mitundu itatu: yachikasu, yabuluu ndi yofiira yonga pinki. Koma ife tinkangoti mutu. Kukula kwake n'ngati kabokosi ka machesi. Tsiku lina mvula itatitsekera m'shopu popanda kasitomala, anatenga mutu wakale wakufa, n'kuuswa ndi mpeni kuti andionetse. Pansi pake panali kachitsulo kopyapyala konyezimira. Ndi maso okha sindinaonepo kanthu. Atakuza ndi kamera ya foni ndinaona timabowo tondandalikana m'mizere, tochepa kuposa tsitsi.

“Kuseri kwa kabowo kalikonse kuli kachipinda,” anatero. “M'kachipindamo muli kambaula kakang'ono kuposa fumbi. Magetsi akakakhudza kamatentha kamodzin'kamodzi, inki imabwata, pamabwera thovu, thovulo n'kukankha kadontho kunja. Munaona madzi akagwera m'mafuta a zitumbuwa mmene amadumphira? N'zomwezo. Thovu likaphwa, inki ina imalowa yokha.”

Anati kuli makina ena opanda timbaula, amene m'malo mwake muli kamwala kopindika magetsi akakagunda, n'kufinya inki. Athuwa anali otentha. Ndinafunsa kuti nanga nkhope ya munthu imachokera kuti, poti mitundu ilipo itatu yokha. Anati ndi timadontho tokhatokha togundana, maso athu ndi amene amanamizidwa. Ine ndinati ndiye kuti tikugulitsa bodza. Anaseka mpaka kutsokomola.

Koma chimene ankabwereza mpaka kunditopetsa chinali ichi. Timabowoto timakhala tonyowa nthawi zonse, ndipo mphepo ndi mdani wake. N'chifukwa chake mutu ukamaliza ntchito umabwerera kudzanja lamanja, kumene kuli kachivundikiro ka labala. Umapukutidwa pakamwa, n'kukhala pa kachivundikiroko kuti mpweya usalowe. Ukazimitsa ndi batani, makina amayamba aubweza kaye mutuwo kenako n'kuzima. Ukazula nthambo, umaima pamene wafika. Inki ikauma m'timabowomo, basi. “Mutu ukauma, amayi inu, ndiye kuti ufanana ndi wanuwo,” ankatero, ine n'kuwaponyera chidutswa cha pepala.

Zonsezi sindinazikumbukire msanga. Kwa ife Asilamu, mkazi amuna ake akamwalira amakhala eda, miyezi inayi ndi masiku angapo ali pakhomo, osadzikongoletsa, osayendayenda, osacheza maso ndi maso ndi amuna a kunja. Poyamba nyumba inali yodzaza. Azimayi ankagona mpaka kukhitchini, ndipo ndinkalakalaka atachoka kuti ndipume. Itatha sadaka yomaliza anachokadi, ndipo ndinalakalaka atabwerera. Anatsala ndi mayi anga aakulu okha ochokera ku Chikweo, amene makutu anayamba kuwavuta, ndipo masana ambiri ankawodzera pa mkeka. Ana Mulungu sanatipatse. Ndinkasesa bwalo lomwe ndasesa kale, n'kukhala pakhomo la kuseri kumvetsera chigayo. Ndinasungulumwa kwambiri, mpaka ndinkayankha wailesi ikapereka moni.

Tsiku lina ndikupinda zovala za amuna anga ndinapeza jakisoni wopanda singano m'thumba la malaya, ali ndi buluu wouma kunsonga. Ankakokera inki. Pamenepo m'pamene ndinakumbukira za mutu wa pulinta uja. Ndinatuma uthenga kwa alamu anga, mng'ono wawo wa malemu, kuti abweretse makina, batire ndi laputopu kunyumba.

Anabwera, koma chimanjamanja. Anakhala pakhonde, ine ndili mkati kuseri kwa chitseko, monga mwa mwambo.

“Alamu, makina aja musavutike nawo mtima,” anatero. “Pali munthu ku Ntaja akuwafuna. Malo aja nawonso pali wina akufuna kuikapo golosale. Mkazi yekha shopu angaithe? Eda ikatha mubwerere ku Chikweo, kuli abale anu, kuli minda.”

“Bweretsani kaye ndiwaone.”

“Muwaone kuti atani? Mumawadziwa?”

“Ndinakhala nawo nthawi yaitali kuposa inu.”

Anati chabwino. Eda ikatha makina akugwira ntchito m'manja mwanga, shopu ikhala yanga. Akapezeka akufa, atenga zotsalazo n'kupereka malowo kwa wina. Ananena mofatsa, ngati munthu amene akudziwa kale mathero ake. Sindikuti anali woipa. Koma ku Chikweo ndinachokako ndili mtsikana. Kumeneko ndikanakakhala mayi wamasiye uja wa kuseri kwa nyumba ya achemwali ake, wosenda chinangwa. Pa Ngokwe anthu ankandidziwa kuti ndine mayi wa zithunzi, ndipo dzina lina ndinalibe.

Makina anafika pa njinga, atakulungidwa m'bulangete. Nditatsegula chivundikiro ndinaona zomwe ndinkaopa. Mutu unali pakati penipeni, pamene unaima tsiku lija, pansi pake pali pepala lotuluka theka. Papepalapo panali mpango wobiriwira ndi chipumi cha mayi wina, mpaka pa nsidze. Kumunsi kunali koyera. Sindinadziwe kuti anali ndani, ndipo palibe anabwera kudzafunsa chithunzi chake.

“Mutu wauma,” ndinatero mokweza, ndikudziyankhulira ndekha.

Mayi aakulu anadzidzimuka pa mkeka. “Mtwe? Wa ndani?”

“Wauma, mayi. Mutu.”

“Iyayi, usadzinyoze choncho mwanawe. Iwe kusukulu unkakhoza. Ndi maliro chabe amenewa.”

Ndinaseka koyamba chimwalirireni amuna anga, ndipo kusekako kunathera m'misozi. Iwo anadzuka n'kukanditengera mapiritsi a mutu. Ndinamwa, kuti nkhani ithe.

Ndinalumikiza zonse monga ndinkaonera amuna anga akuchitira. Makina anadzuka, analira, anabweza mutu kudzanja lamanja ngati palibe chachitika. Pali pepala loyesera limene pulinta imatulutsa ukaiuza, lokhala ndi timizere ta mtundu uliwonse tosanjikana ngati makwerero. Kamzere kalikonse n'ka kabowo kake. Pamene kamzere kasowa, ndiye kuti kabowo kameneko katsekeka. Langa linatuluka ndi timizere takuda tochepa, todukaduka. Kwinako kunali mbee.

Mu laputopu muli batani louza makina kuti adzitsuke okha. Pali kapampu kamene kamayamwa inki kudzera m'timabowo muja. Ndinadina kamodzi, kenako kachiwiri. Chakuda chinabwerera pafupifupi chonse. Mitundu ija ayi. Chala chinkayabwa kuti ndizingodina ndi kusindikiza mpaka zitheke, koma ndinakumbukira kuti malemu anandichenjeza. Inki yomweyo ndi imene imaziziritsa timbaula tija. Kambaula kakamayaka m'kachipinda kouma kamapsa, ndipo kakapsa palibe madzi angakadzutse. Ndinachotsa dzanja.

Ndiye ndinayamba njira yaitali. Ndinatuma mayi woyandikana nane kuti akandigulire madzi a batire, oyera aja opanda mchere, chifukwa a pa mjigo wathu amasiya zoyera ngakhale m'ketulo. Ndinkawafunditsa pang'ono, kupinda kansalu koyera pa sosala, kukanyowetsa. Kenako ndinkatsegula kachingwe kogwira mutu, kuutulutsa mosamala osakhudza timadontho ta mkuwa ta kumbuyo tolowera magetsi, n'kuukhazika pa kansaluko chafufumimba. Ukatero umadikira. Ukaunyamula umayang'ana ngati wasiya mizere itatu pa nsalu. Masiku oyamba unkasiya kachikasu kofooka kokha, ngati mkodzo wa mwana.

Kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo munthu wa eda nthawi ndiye ali nayo yochita kutaya. Ndinkachita zimenezi m'mawa ndikamaliza pemphero la swala, kenako masana dzuwa likapendeka. Mphepo yozizira inatha, kunayamba kutentha ndi fumbi la chilimwe, lolowa ngakhale m'mano. Makina ndinkawafunditsa chitenje. Chikasu chinabwera chonse. Patapita nthawi buluu anayamba kuoneka, poyamba timizere tapatalipatali, kenako makwerero athunthu. Tsiku limenelo ndinatenga pepala n'kuzungulira nalo nyumba yonse. Mayi aakulu anali mtulo. Ndinakaima pa zenera, mwina padutsa munthu wondidziwa. Panadutsa mbuzi.

Kuti zomwe zabwerazo zisaumenso, ndinkasindikiza kapepala kamodzi tsiku lililonse. Ndiulule kuti sichinali chifukwa cha inki yokha. Phokoso lija la mutu ukuyenda, shii, shii, linali la ku shopu, la nthawi imene iwo ankakhala chondifulatira akung'ung'udza nyimbo ya kaswida, ine ndikudula zithunzi. Ndinkakhala pansi pafupi ndi makina mpaka pepala ligwe. Likagwa, nyumba inkakhala chete kuposa poyamba.

Kofiira kokha ndiko kanakana. Ndinanyika, ndinakoka ndi jakisoni uja pang'onopang'ono, ndinapemphera. Pa nsalu pankabwera mizere iwiri, pakati pake mpata. Ndipo popanda kofiira palibe khungu la munthu. Ndinayesa tsiku lina ndi chithunzi cha amuna anga cha pa Idi chimene chinali m'foni. Anatuluka obiriwira ngati tsamba la mango, milomo yotuwa, maso okha ndi amene anali awo. Mayi aakulu atachiona anachitembenuza chafufumimba.

“Chotsa ichi. Munthu anagona, usamuvutitse.”

Sindinayesenso nkhope ya munthu aliyense.

Eda inatha kukutentha koopsa, mitengo ya mango itayamba kulemera. Ndinasamba, ndinavala zovala zatsopano, azimayi anabwera kudzanditulutsa. Mawa lake alamu anafika, ndipo ulendo uno tinakhala tonse pakhonde. Ndinawaonetsa pepala loyesera, chakuda chathunthu, buluu, chikasu. Analitembenuza uku ndi uku.

“Mwayesetsa alamu, zoona. Koma ndamva kuti anthu akutuluka obiriwira. Ameneyo mukamugulitsa kwa ndani?”

“Ndipatseni ulendo umodzi. Ndipite ku Balaka.”

Ku Balaka n'kumene malemu ankagula inki ndi mapepala, kwa bambo wina wokonza makina. Ine ndinali ndisanapiteko ndekha. Ndinakulunga mutu wa mitundu uja m'kansalu konyowa, kuuika m'jumbo ya shuga, jumboyo m'kachitini. Ndinatenganso chithunzi chimodzi chakale cha pakhoma, cha achemwali anga, kuti ndikaonetse mmene makina ankatulutsira ali bwino. Ndinakwera njinga yamoto mpaka pamsewu wa tala, kenako minibasi ya ku Liwonde. Nditakhala miyezi yonse ija m'nyumba, anthu anandichulukira. Aliyense ankayankhula ndi mnzake kapena ndi foni. Ine ndinangogwira kachitini pamiyendo, ndipo powoloka Shire sindinayang'ane n'komwe madzi.

Bamboyo ndinamupeza m'kanjira ka kuseri kwa mashopu a zitsulo, m'kachipinda kodzaza mapulinta osanjikizana mpaka kudenga. Anali wonenepa, wa thukuta, zala zake zamitundumitundu. Nditamuuza kuti ndine mkazi wa ndani, anasiya zimene ankachita.

“Pepani mayi. Ndinkadabwa kuti bwanji sakubwera. Anthu aja ankakonda kutsutsa, koma makina ankawasamala.”

Anatenga mutu, anaupukuta, n'kuuyang'ana ndi galasi lochotsa ku kamera yakufa. Anauika m'makina ake oyesera. Kenako anapukusa mutu wake.

“Mwatsuka bwino, sindinama. Koma mzere wofiirawu wapita. Inki inachita kuuma ngati simenti, ndipo timbaula tina tinapsa. Uwu ndi wotaya.”

Watsopano anali nawo. Ndalama za thonje la chaka chimenecho zinathera pamenepo. Ndisanatseke kachikwama ndinatulutsa chithunzi cha achemwali chija.

“Ndikufuna uzikatulutsa ngati chonchi.”

Anachitenga, anapita nacho pakhomo pomwe pali kuwala, n'kuseka. “Utulutsa kuposa apa, mayi. Taonani.” Analoza ndi chikhadabo pa nsalu yabuluu imene tinkapachika kumbuyo kwa munthu pojambula. Panali kamzere kotuwa, kopyapyala ngati ulusi wa kangaude, kodutsa kuchokera mbali ina kufika ina. Pansi pake pang'ono panali kena, kenanso pansi pake. “Kabowo kamodzi ka buluu kanafa kalekale. Amuna anu ankadziwa, anangokasiya. Ndinkawauza kuti sinthani, iwo amvekere, ng'ombe yothyoka nyanga imodzi imalimabe.”

Zithunzi zimenezo ndinkazidula ndine, zonse, ndi manja angawa. Kamzereko ndinali ndisanakaonepo.

Mutu wakale anauponya m'katoni mmene munali ina yambiri yakufa. Ndinauyang'ana, koma ndinachita manyazi kuupempha. Pofika pa depoti sindikanathanso kuuzindikira ngakhale ndikanabwerera.

Watsopano unalowa ndi kaphokoso kamodzi, kha. Pepala loyesera linatuluka lathunthu, makwerero onse opanda dzino loguluka. Alamu anabwera ku shopu, ndinawajambula atakhala pa mpando, ndinawapatsa nkhope yawo ili ndi khungu la munthu. Anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anati kofia yapendekeka, ndiwajambulenso. Za munthu wa ku Ntaja sanazitchulenso. Telala anabwera kudzachotsa loko wake, ndipo sindinamuuze kanthu za nthambo zija.

Shopu ndi yanga mpaka lero. Mayi aakulu anabwerera kwawo mvula itayamba. Zithunzi zimatuluka zosalala, anthu amayamikira, ena amati zaposa za kale. Akatero ndimavomera ndi mutu, koma mumtima zimandiwawa. Ndinayamba khalidwe loipa. Ndikalowa m'nyumba ya munthu, pa ukwati kapena pa maliro, maso anga amathamangira kukhoma ndisanamalize moni. Ndikaona nsalu yabuluu ndimasendera pafupi. Ndimafuna kamzere kaja. Kali m'nyumba zambiri za kuno, kuseri kwa ana a yunifolomu, kuseri kwa akwati, ndipo eni nyumba sakadziwa.

Chaka chatha kunabwera mayi wina wa ku Chiuta, mkazi wa msodzi, atanyamula chithunzi m'jumbo. Chinali cha mwana wawo wamwamuna amene anapita ku Joni, ndipo chinali chitafufuma ndi chinyezi m'mbali. Ankafuna chatsopano. Ndinachipeza mu laputopu, m'zithunzi zakale, n'kuchitulutsa choyera bwino. Anakondwa. Ndinawapempha kuti chakalecho andisiyire.

“Iyayi mayi, chimenechi ndi chimene anachigwira yekha asanapite. Inu mukatani nacho?”

“Ndibwerekeni ndingochiona.”

Ndinapita nacho pakhomo. Mnyamatayo anali atavala jekete yaikulu kuposa thupi lake, akuyesetsa kuti asaseke. Kamzere kanali pomwepo, kotuluka kuseri kwa khutu lake mpaka kumapeto kwa pepala. Ndiyenera kuti ndinaima nthawi yaitali, chifukwa mayiwo anadzuka n'kubwera pambali panga.

“Mwaona chiyani? Mwamudziwa?”

“Eya,” ndinatero, maso ali pa kamzere ka amuna anga. “Ndawadziwa.”

Anakondwa kwambiri mayiwo. Anakhala pa benchi, anamasula mpango, n'kuyamba kundiuza za mwana wawo, mmene ankaopera madzi ali wamng'ono ndi mmene amaimbira foni mwa apo ndi apo. Ndinawasiya anene mpaka anamaliza.